Nsima ikachedwa si wophika yekha: kudzutsa njinga ya injekishoni yomwe yagona nthawi yaitali

Mwezi wa Disembala ukamayandikira, anthu ochokera ku Joni amayamba kutsika pa Balaka, pa Liwonde ndi pa Ulongwe, ena n'kupitirira ku Ntaja ndi ku Nselema. Ambiri mwa iwo anasiya njinga yamoto kumudzi. Anaikankhira m'chipinda chosungiramo matumba a chimanga, n'kuifunditsa lona, kiyi n'kusiyira mayi akunyumba ndi lamulo lakuti mlamu asaikhudze. Papita chaka ndi theka, mwina zaka ziwiri. Mwini wake akapukuta fumbi, kulowetsa kiyi ndi kudina batani, njinga ili zii. Kapena sitata ikuzungulira ndithu, koma injini osalira. Njinga zina zotere ndi zomwe zinali za alangizi a m'mapulojekiti, zomwe zinatsekeredwa m'sitolo pulojekiti itatha, kenako n'kugulitsidwa.

Ikakhala Lifo, Sanlg kapena Boxer ya kabuleta, monga zambiri zomwe akabaza amayendetsa, nkhani siivuta. Makanika wa pansi pa mtengo wa mango amamasula kabuleta, kuitsuka, kuuzira timabowo take, kuika pulagi yatsopano, basi njinga yalira. Vuto lili pa njinga zomwe zili ndi kagetsi kolembedwa FI pa dashibodi, za injekishoni. Izi zikuchuluka pang'onopang'ono. Kampani ya Kawasaki inaika injekishoni pa njinga yake ya Z1000H kale mu 1980, koma kwa zaka zambiri injekishoni inali ya njinga zikuluzikulu zokha. Malamulo ochepetsa utsi ndi omwe anaitsitsira ku njinga zing'onozing'ono: ku India, kuyambira pa 1 Epulo 2020, njinga zambiri zogulitsidwa m'dzikomo zinasiya kabuleta. Ndiye zikatifika kuno, kudzera ku South Africa kapena kwina, n'kukana kulira, chigamulo chimatuluka msanga: "Bwana, kompyuta yafa." Mwini njinga amaigulitsa pamtengo wozizira, kapena kulola kuti mawaya adulidwe ayese kumangirira kabuleta. Zimandipweteka, chifukwa nthawi zambiri kompyutayo ili bwinobwino.

Taganizirani kuphika kwa mitundu iwiri. Mayi akamaphikira banja lake safunsa munthu. Dzanja lake limadziwa lokha ufa wokwana mumphika wa masiku onse. Imeneyo ndi kabuleta: mpweya ukamalowa mu injini umayamwa wokha petulo pa timabowo, popanda wowerengera. Koma paukwati kapena pa sadaka, pomwe nsima ikuphikidwa m'miphika ikuluikulu, pamakhala mayi mmodzi wamkulu woyang'anira. Iye satunga madzi, satola nkhuni, mwina ngakhale mthiko sagwira. Ntchito yake ndi kumva ndi kulamula. Mwana wina amathamanga kudzamuuza kuti kwafika lole ina ya akuchimuna. Wina akuti madzi awira. Wina akuti anthu akhala pansi. Mayi uja akamva zonsezi amati, "Thirani ufa wokwana apa, pompano."

Mayi wamkuluyo, yemwe tizimutchanso wophika, ndiye kabokosi kotchedwa ECU, komwe timati kompyuta. Ana otumidwa aja ndi masensa: ina imanena mmene mwapotokolera mafuta, ina mpweya womwe ukulowa, ina kutentha kwa injini, ina pomwe pisitoni yafika. Tinjira tomwe anawo amathamangamo ndi mawaya. Ufa ndi petulo, madzi ndi mpweya, moto ndi kuthetheka kwa pulagi, ndipo nkhuni ndi batire. Pampu ya m'thanki ndi mnyamata wonyamula ufa kuchokera m'nyumba, injekita ndi dzanja lothira mumphika. Muyeso womwe mayiyu amafuna ndi pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Ufa ukachuluka nsima imalimba: utsi wakuda, pulagi yodzaza mwaye, mafuta kutha msanga. Ukachepa ndi phala: injini imaphulikaphulika, kutentha kwambiri, n'kumathima.

Tsopano nsima ikachedwa paukwati, munthu wanzeru sathamangira kukathamangitsa mayi wamkulu. Amayamba waona ngati nkhuni zilipo ndipo n'zouma, ngati ufa wafika, ngati moto ukuyaka, ngati ana otumidwa sanasochere. Ndipo ngati khitchiniyo yakhala yotseka zaka ziwiri, wophika ndiye chinthu chokhacho chomwe sichiwola. Mkati mwa ECU mulibe chozungulira kapena chotha ndi kukhala, ndipo ndi yomatidwa kuti chinyezi chisalowe. Zomwe zimawonongeka ndi kugona ndi batire, petulo, labala ndi malo olumikizirana mawaya.

Makanika wodziwa ntchito amayamba ndi mafunso asanagwire sipanala. "Achimwene, njingayi munaisiya ikuyenda, kapena inali kale ndi vuto? Muthankimu munatsala mafuta? Batireli lakhala pomwepa nthawi yonseyi?" Funso lomalizali ndi lofunika kuposa mmene limamvekera. M'midzi yathu batire la njinga silikhala chabe. Limachotsedwa kukayatsa babu, kuliza wailesi, kutchajira mafoni, ndipo tsiku lomwe amva kuti bambo ali m'njira limabwezedwa mofulumira, nthawi zina waya wofiira ku mbali ya wakuda. Mwamwayi, kawirikawiri chomwe chimapsa choyamba ndi fyuzi yaikulu.

Kenako maso. Chotsani mpando ndi zotchinga za m'mbali, mutsegule bokosi la sefa ya mpweya. Njinga yomwe yagona pafupi ndi chimanga, mudzapezamo chisa cha makoswe: tizidutswa ta siponji, makoko a mtedza, zitosi, ndi fungo la mkodzo. Tsatirani mawaya ndi chala kuchokera pamenepo, muwatembenuze, chifukwa khoswe amadya mbali ya pansi yomwe simuiona. Suzumirani kukamwa kwa ekizozi ndi pa timapaipi topumira thanki, pomwe mavu amakonda kumata dothi. Onani oyilo: ngati wayera ngati walowa madzi, musalize injini. Izi n'zofunika makamaka pa njinga zomwe zinali m'nyumba zolowa madzi nthawi ya namondwe Freddy, mu Malichi 2023. Masulani pulagi, mudonthezere oyilo pang'ono pabowo lake, n'kuzunguza injini pang'onopang'ono ndi kiki kapena pokankha ili m'giya. Ikazungulira mosavuta, pitirirani.

Nkhuni poyamba. Batire limatha lokha ngakhale lisakugwira ntchito, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Amene anakhalapo m'nyumba ya malata ku Balaka mwezi wa Okutobala akudziwa kutentha komwe ndikunena. Batire likakhala miyezi lili lopanda moto, mbale zake za mkati zimachita zokakamira zoyera zomwe sizichokanso, ndiye ngakhale mulitchaje tsiku lonse limangonamizira kudzaza. Apa pakufunika mita yoyezera magetsi, ija amati multimeter. Batire labwino lomwe lapumula limaonetsa ma volt 12.6 kapena kupitirira pang'ono. Likaonetsa 12.2 lili cha pa theka. Pansi pa 12 latha. Koma muyeso weniweni ndi wa pamene mukudina sitata: nambala ikatsika pansi pa 10, batirelo lagonja, ngakhale hutala ikulira ndipo nyale ikuwala.

Pano fanizo lathu likuperewera pang'ono. Nkhuni zimangoyatsa moto, pomwe batire limadzutsanso wophikayo, mnyamata wa ufa ndi ana onse otumidwa. Njinga ya kabuleta mungathe kuikankha pachitsikiro n'kulira batire litafa. Zambiri za injekishoni sizitero, chifukwa pampu ndi kompyuta zimafuna magetsi okwanira injini isanazungulire n'komwe. Anthu amatuluka thukuta akukankha njinga kuzungulira msika wonse, pomwe mankhwala ake ndi batire lamoyo. Musayese china chilichonse musanaike batire lomwe mukulikhulupirira, ndipo mupale mitu yake iwale.

Mukatero, tembenuzani kiyi n'kukhala chete. Ikani khutu pathanki. Muyenera kumva kamphokoso kakuti ng'iii kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako n'kusiya. Ndi pampu ikudzaza paipi. Kagetsi ka FI nakonso kayake, n'kuzima. Masekondi atatu amenewa amanena zambiri. Ngati kagetsi kayaka n'kuzima, mayi wamkulu ali maso. Ngati pampu yalira, walamula ndipo mnyamata wamva.

Ngati kuli zii, yambani ndi zotsika mtengo. Batani lofiira lozimitsira injini pa chiwongolero, lomwe ana amakonda kuseweretsa, lili pati? Mafyuzi musamangowayang'ana, ayezeni ndi mita, chifukwa ina imaduka pobisika ndipo ina imachita dzimbiri m'miyendo. Gwirani relay ya pampu ndi chala potembenuza kiyi, mumve ngati ikuti thi. Njinga zambiri zili ndi sensa yomwe imadula mafuta njinga ikagwa. Ameneyu ndi mwana wokuwa kuti mphika wagubuduka, ndipo akakuwa wophika amaimitsa zonse. Ikakakamira mkati, kapena wina akaimanga chozondoka pomwe pali chizindikiro cholozera kumwamba, imakuwa bodza njinga ili chiimire. Pomaliza yezani magetsi pa pulagi ya mawaya a pampu, koma samalani: magetsiwo amafika kwa masekondi aja okha. Ambiri amatembenuza kiyi, kenako n'kumafunafuna mita, akayeza n'kupeza palibe kanthu, n'kuweruza kompyuta. Lumikizani mita kaye, wina atembenuze kiyi inu mukuyang'ana. Magetsi akafika koma pampu osalira, yakakamira ndi utomoni wa petulo wakale. Nthawi zina imamasuka mukaiviika mu petulo watsopano, nthawi zina yapita.

Nkhani ya ufa ndi yomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ili ndi mbali yathu ya kuno. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe. Fakitale ya Ethco ku Dwangwa inayamba kupanga mu 1982, ndipo PressCane ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Pa njinga yoyenda tsiku ndi tsiku zimenezi zilibe vuto. Koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Thanki yomwe ili ndi mafuta a theka imapuma: masana kukatentha mpweya umatuluka, usiku kukazizira umalowa wina wachinyezi, dzinja lonse. Madzi akachuluka amagwirana ndi ethanol n'kutsikira pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Nthawi yomweyo mbali yopepuka ya petulo, yomwe imayaka msanga, imauluka, n'kutsala wolemera wonata. Onjezerani apo kuti nthawi ya kusowa kwa mafuta ambiri timagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, omwe sitidziwa kuti adutsa muti.

Tsegulani chivundikiro cha thanki mununkhize. Petulo wowonongeka sanunkhanso petulo, amanunkha vanishi wa akalipentala. Thirani pang'ono m'botolo loyera, muliimike padzuwa mphindi zingapo. Mudzaona pamwamba pofiirira, pansi mzere wa madzi otuwa, ndipo pansi penipeni tizidutswa ta dzimbiri. Umenewo ndi ufa wankhungu, ndipo kuthira wabwino pamwamba pake sikuuchiritsa. Khuthulani wonse, mutulutse pampu, muone kasefa kake ka kunsi. Muunike m'thanki ndi tochi ya foni, osati machesi, ndipo wosuta akhale kutali. Thanki yadzimbiri itsukidwe mpaka iyere, apo ayi pampu yatsopano idzafa m'masabata ochepa.

Kulira kwa pampu sikutanthauza kuti ikukankha mokwanira. Njinga zambiri zimafuna mphamvu ya mafuta ya pafupifupi 3 bar, yoposa mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. N'chifukwa chake pomasula paipi muyenera kukulunga nsalu ndi kuteteza maso. Kasefa kakatsekeka, kapena kapaipi ka mkati mwa thanki kakang'ambika, njinga imalira bwino ili chiimire, imayenda bwino pachidikha cha ku Liwonde, koma ikayamba kukwera chitunda cholowera ku Machinga imatsamwa n'kuthima. Mukaipumitsa imaliranso. Chizindikiro chimenechi chimaloza ku pampu ndi sefa, osati ku kompyuta.

Injekita ndi kavavu kotsegulidwa ndi magetsi, kokhala ndi timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Gundikani nsonga ya sikuludiraiva pa iyo, chogwirira kukhutu, wina adine sitata: yamoyo imati thi-thi-thi. Pa mita, zambiri zimaonetsa ma ohm apakati pa 10 ndi 14. Ikhoza kukhala yabwino kumagetsi koma yomatika ndi utomoni. Chonde musaitokose ndi kawaya monga timachitira ndi kabuleta. Bowo likakula ngakhale pang'ono, dzanjalo lidzathira ufa wosefukira moyo wake wonse, wophika akuganiza kuti likuthira muyeso. Imatsukidwa ndi mankhwala ake, uku ikutsegulidwa ndi magetsi mwa kamphindi kamphindi, kapena pa makina otsukira omwe magaraja ena a magalimoto ali nawo.

Pali njira yachidule yodziwira kolowera. Zunguzani injini ndi sitata masekondi angapo, n'kumasula pulagi. Ikatuluka yonyowa, mafuta akufika, funani moto. Ikatuluka youma, mafuta sakufika. Poyesa moto, thupi la pulagi ligunde chitsulo cha injini, kutali ndi bowo lake ndi petulo, ndipo kuthetheka kukhale kwabuluu. Koma zikasowa zonse ziwiri, moto ndi mafuta, pomwe pampu inalira bwino, musaganize kuti zinthu ziwiri zafa tsiku limodzi. Pali mthenga mmodzi yemwe akapanda kufika mayi wamkulu salamula chilichonse: sensa yowerenga kuzungulira kwa injini, yomwe ili pafupi ndi magineto. Ana ena akasowa, wophika amatha kuphika moyerekeza, nsima n'kutuluka ngakhale yosakoma. Uyu yekha akasowa, mphika sutelekedwa. Onaninso siwitchi ya sitandi ya m'mbali ndi ya kilatchi, zomwe zimakhala m'matope ndi m'fumbi, chifukwa nazo zimatha kudula moto.

Chomwe ndimaikondera injekishoni n'chakuti wophikayo amayankhula. Sensa ikasiya kumveka, kagetsi ka FI kamaphethira nambala. Pa njinga za Honda, kuphethira kwakutali ndi 10, kwakufupi ndi 1, choncho kutali kamodzi ndi kufupi kawiri ndi 12. Makampani ena ali ndi kawerengedwe kawo, ndipo buku la njinga yanu, lomwe nthawi zambiri limapezeka pa intaneti, limamasulira nambalazo. Koma mvetsetsani chomwe mayi akunena. Akuti, "Mwana uja wa kumadzi sanafike." Sakunena kuti mwanayo wadwala. Mwina ali bwinobwino, koma njira yamera thengo. Pa njinga yogona, njira ndiyo imalakwa kawirikawiri. Zulani pulagi ya mawaya a sensayo muyang'ane mkati: timano tamkuwa tomwe tinayenera kuwala tili ndi fumbi lobiriwira, kamodzi mwina kabwerera m'mbuyo. Tsukani ndi mankhwala otsukira zamagetsi ndi kaburashi, muumitse, mubwezere mpaka pati kwe. Kiyi ali wotsegula, masensa ambiri amalandira ma volt 5 kuchokera ku ECU. Akafika, ndi umboni winanso kuti kompyuta ili moyo.

Njira yomwe imaiwalika kwambiri ndi yobwerera, waya wa earth, womangidwa ndi bawuti pa chitsulo cha njinga kapena pa injini. Bawutiyo ikachita dzimbiri, njinga imachita zodabwitsa: mukayatsa indiketa kagetsi ka FI kamazirala, nambala zimatuluka zosiyana tsiku lililonse, injini imathima mukagunda bampu. Ikani chingwe chimodzi cha mita pa mutu wakuda wa batire, china pa injini, mudine sitata. Nambala iyenera kukhala pafupi ndi ziro. Ikafika theka la volt, masulani bawutiyo, mupale ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, mumangenso. Injini ikamalira, gwedezani mtolo wa mawaya malo ndi malo, makamaka pakhosi pa chiwongolero. Pomwe yatsokomola, mpomwe pali bala.

Amakanika athu a pa Ntaja, pa Liwonde ndi pa Balaka ndi anthu aluso, omwe amadzutsa njinga zoti kwina zikanatayidwa. Koma zizolowezi zina za pa kabuleta ndi zomwe zimapha ECU yomwe inafika kugaraja ili yamoyo. Kukhwekhwereza waya pachitsulo kuti muone ngati athetheka. Kuchotsa mutu wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati ikutchaja. Kumanga kawaya kamkuwa pamalo a fyuzi yomwe ikupsapsa, pomwe fyuziyo ikukuuzani kuti penapake pali shoti. Kukoka moto ku galimoto yomwe injini yake ikulira. Kuwotcherera chitsulo cha njinga batire ndi ECU zili zolumikiza. Kuyesa mawaya a masensa ndi babu lalikulu. Mita imodzi, yomwe mtengo wake sufika wa pampu, imalowa m'malo mwa zambiri mwa izi, ndipo ndikanakonda bokosi lililonse la masipanala likhale nayo.

Njinga ikalira, ntchito sinathe. Bwezerani mita pa batire, mukweze mafuta pang'ono: muone pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikakhala pa 12, sikutchaja, ndipo idzakusiyani panjira batire likatha. Ikapitirira 15, regulator yawonongeka, ndipo ikupsereza mababu, batire ndi kompyuta yomwe. Ngati injini ikukwera ndi kutsika yokha ili chiimire, onani labala wolumikiza injini ndi polowera mpweya, yemwe amang'ambika ndi kukalamba n'kumalowetsa mpweya womwe wophika sanauwerengere. Ngati ikutulutsa utsi wakuda itatentha kale, kayikirani sensa ya kutentha, yomwe mwina ikunenabe kuti injini ndi yozizira. Sinthani oyilo, ndipo musatuluke pamsewu musanaone mabuleki, tcheni ndi matayala, chifukwa tayala likhoza kukhala ndi mapanga onse koma litang'ambika m'mbali.

ECU imafa ndithu nthawi zina, makamaka ikalowa madzi kapena ikapatsidwa magetsi mozondoka. Koma mlandu wake umatsimikizika pomwe zinthu izi zaoneka ndi mita: magetsi a batire akufika pa timano take, earth yake ndi yabwino, uthenga wa kuzungulira kwa injini ukufika, mawaya opita ku koyilo, injekita ndi relay ndi athunthu, koma iyo sikutulutsa ma volt 5 kapena lamulo lililonse. Zikatero, ngati pali mnzanu wa njinga yofanana, bwerekani yake muyese, koma pokhapokha mutapeza ndi kukonza chomwe chinapha yanuyo, kuopa kupsereza ziwiri. Pogula ina, nambala ya pa chizindikiro chake ifanane ndendende ndi ya yakale, osangoti pulagi ikulowa. Ndipo ngati njinga yanu ili ndi kiyi wa chitetezo, monga wa HISS pa Honda zina, ECU imazindikira makiyi ake okha, choncho muigule pamodzi ndi makiyi ake kapena mupite kwa wodziwa kuwalembetsa.